Anthu Okhala M'maiko Aŵiri: Mbiri ya Oseŵera a pa Intaneti

Kodi mukumbukira masanje? Wina anali kukhala tate, wina mai, wina mwana, ndipo fisi wakuba ndiwo sanali kusoŵa. Dzuŵa likapendeka, amai anu enieni anali kuitana, ndipo masanje anali kuthera pomwepo.

Tsono taganizani za masanje amene satha. Mudzi wake uli m'kompyuta, okhalamo ndi anthu zikwi zambiri a m'maiko osiyana-siyana, ndipo inu mukapita kukagona, moyo wa m'mudzimo upitirirabe popanda inu. Ameneŵa ndiwo maseŵero amene pa Cingelezi amachedwa MMORPG. Woseŵera aliyense amadzipangira munthu wopeka, kum'patsa dzina ndi nchito, ndi kum'lera kwa miyezi kapena zaka. Ena a inu muli nao kale maseŵero otere pa foni. Motero mverani mbiri ya amene anayamba kuloŵamo inu musanabadwe, muone zimene anapeza ndi zimene analipira.

Zinayambira pa thebulo

Mu 1974, ku America, Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa seŵero lochedwa Dungeons & Dragons. Panalibe kompyuta iai. Panali pepala, pensulo ndi madayisi. Mmodzi anali kusimba nkhani monga acitira agogo pa nthano, koma omvera sanali kungoyankha kuti “tili tonse.” Aliyense anali munthu wa m'nthanomo, wina msilikali, wina mbala, wina wamatsenga, ndipo anali kusankha yekha cocita. M'zaka za m'ma 1980 makolo ndi machalichi ena ku America analiopa seŵeroli cifukwa ca zamatsengazo.

Cinthu catsopano cimene seŵeroli linabweretsa ndi ici: munthu wanu wopeka sanali kutha pamene mwanyamuka pa thebulo. Mphamvu ndi cuma cimene wapeza zinali kulembedwa pa pepala, ndipo sabata yotsatira munali kuyambira pomwe munalekera. Pa nsolo, mukatha mumafafaniza ndi kuyambanso. Apa zinali kusungidwa, ndipo cimene munthu wasunga sacisiya msanga.

2 koloko usiku

Mu 1978, pa yunivesite ya Essex ku England, wophunzira wina, Roy Trubshaw, analemba seŵero lochedwa MUD, ndipo mu 1980 mnzake Richard Bartle anapitiriza nchitoyo. Munalibe zithunzi. Kompyuta inali kulemba mau ofotokoza malo amene mwaima, inu ndi kulemba cimene mufuna kucita. Cokoma cake cinali cakuti anthu ambiri anali kuloŵamo nthaŵi imodzi, kulankhulana, kuthandizana ndi kumenyana.

Kompyuta ya yunivesiteyo inali ya maphunziro, motero oseŵera akunja analoledwa kuloŵa usiku cabe, kuyambira 2 koloko mpaka m'mamaŵa. Kodi anagwa ulesi? Kutalitali. Anali kuchera wochi, kudzuka pakati pa usiku ndi kuseŵera mpaka kuca. Kuyambira pa ciyambi penipeni, woseŵera wodzipereka anali kulipira ndi tulo. Pamene dziko lathu la Zambia linalumikizidwa ku intaneti mu 1994 kupyolera mu ZAMNET ya pa University of Zambia, maseŵero aŵa anali atatha kale zaka 16.

Mu 1996 Bartle analemba kuti oseŵera ali m'magulu anai. Pali ofuna kupambana ndi kuunjika cuma, ofuna kufufuza ngodya iliyonse ya dzikolo, ofuna kuceza, ndi ofuna kuvutitsa anzao. Mukayang'ana bwino, magulu anai ameneŵa alipo ngakhale pa bwalo la mpira la kwanu.

Maiko okhala ndi zithunzi

Mu 1997 kunabwera Ultima Online. M'menemo munthu anali kutha kukhala wosula zitsulo, msodzi kapena telala, ndi kumanga nyumba yake. Ku South Korea, Lineage inayamba mu 1998, ndipo acinyamata anadzaza m'nyumba zolipiritsa makompyuta zimene kumeneko amazicha PC bang. Mu 1999 kunabwera EverQuest, seŵero louma mtima. Munthu wanu akafa, anali kutaya zina mwa mphamvu zimene munavutikira, ndipo munali kuthamanga wopanda zida kukafuna mtembo wake kuti mutengenso katundu. Oseŵera anali kukhala maola ambiri pamalo amodzi kudikira kuti cilombo cina cionekere. Podikirapo ndi pamene anali kuceza, ndipo maubwenzi ambiri anayambira pamenepo. Iwo eni analipatsa seŵeroli dzina lakuti EverCrack, kuliyerekeza ndi mankhwala osokoneza bongo.

Mu 2001 katswiri wa zacuma, Edward Castronova, anaona kuti anthu agulitsana malupanga ndi ndalama za mu EverQuest ndi madola enieni. Ataŵerengera, anapeza kuti ola limodzi la woseŵera linali kupanga cuma ca madola 3.42, ndi kuti dziko lopekalo likanakhala dziko lenileni, likanakhala la nambala 77 pa kulemera kwa munthu mmodzi-mmodzi.

Kenaka mu November 2004 kampani ya Blizzard inatsegula World of Warcraft. Malipiro anali pafupi-fupi madola 15 pamwezi. Pofika 2010 olipira anakwana mamiliyoni 12. Caka comweco kalembera anapeza kuti anthu a m'Zambia muno anali opitirira pang'ono mamiliyoni 13.

Tsiku la woseŵera

Mwina muganiza kuti oseŵeraŵa anali ana a sukulu. Nick Yee, wofufuza wa ku America, anafunsa oseŵera zikwi makumi angapo kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000. Anapeza kuti pa avareji anali a zaka 26, ndipo anali kuseŵera maola 22 pasabata. Theka la iwo anali pa nchito yolembedwa, ndipo mmodzi mwa atatu alionse anali pabanja. Maola 22 ndi theka la sabata ya munthu wa pa nchito.

Tiyeni titsatire woseŵera wa World of Warcraft wa mu 2005. Aŵeruka ku nchito, afika panyumba, ayatsa kompyuta asanavule nsapato. Cakudya adyera pomwepo. Ola loyamba si la nkhondo. Ayendayenda m'dziko lopekalo kuthyola zitsamba zopangira mankhwala, kukumba miyala ya zitsulo, ndi kufuna ndalama zokonzetsera zida zimene zinaonongeka dzulo. Nchito imeneyi ndi yobwereza-bwereza ngati kupalira, ndipo oseŵera eni ake amaicha kulima.

Madzulo ndiye nthaŵi ya gulu lake, limene amalicha guild. Anthu 40 asonkhana kuti aloŵe m'phanga lochedwa Molten Core. Aliyense ali ndi mbali yake: ena aima kutsogolo kulandira nkhonya za cilombo, ena apoletsa ovulala, ena alasa. Onse avala zomvera m'makutu, ndipo mtsogoleri apereka malangizo. Mmodzi akaima polakwika, onse 40 angafe ndi kuyambanso. Izi zitenga maola atatu kapena anai, masiku angapo pasabata, ndipo cilombo cimodzi cingawagonjetse kwa masabata.

Cilomboco cikafa, cisiya zida zoŵerengeka cabe. Nanga anthu 40 agaŵana bwanji? Magulu ambiri anatsatira njira yochedwa DKP, imene inayambira mu EverQuest mu 1999. Munthu anali kupeza mapointi cifukwa copezekapo, ndipo ndi mapointi amenewo anali kugula cida. Wojomba sanali kupeza kanthu. Motero gululo linali ndi wapampando, kaundula wa opezekapo, malamulo, ngakhale makalata ofunsira malo. Sabata ikatha, zilombo zonse zinali kuukanso, ndipo nchito inali kuyambanso.

Apa mungaone cifukwa cake kunali kovuta kuzima kompyuta. Munalipira kale mwezi wonse. Cida cimene mufuna cingagwe lero kapena mwezi wa maŵa, palibe adziŵa, ndipo mtima umangoti mwina lero. Koposa zonse, anzanu 39 akudikirani, ndipo popanda wopoletsa ovulala sangaloŵe. Ambiri anali kubwera ngakhale atatopa, poopa kukhumudwitsa anzao.

Nthaŵi zina gulu linali kudzutsa anthu ake usiku. Pa 27 January 2014, mu EVE Online, seŵero la zombo za m'mlengalenga lopangidwa ku Iceland, gulu lina linaphonya kulipira lendi ya dera lake. Adani anaukira, ndipo nkhondoyo inatha maola 21. Munaloŵa oseŵera oposa 7,500, ndipo zombo zimene zinaonongeka zinali za mtengo wa pafupi-fupi madola 300,000.

Kwa ena kulima kuja kunali nchito yodyera. Ku China, m'zaka za m'ma 2000, anyamata ambiri analembedwa nchito yoseŵera maola 12 patsiku, kusonkhanitsa golide wa m'seŵero woti agulitsidwe kwa oseŵera a ku America ndi ku Ulaya amene analibe nthaŵi. Ndalama ya ku Venezuela itagwa mphamvu ca m'ma 2017, anthu ambiri kumeneko anadyetsa mabanja ao ndi golide wa mu RuneScape.

Mtengo wake

Mu 2010 dziko la South Korea linagwidwa ndi cisoni pakumva za mwana wa miyezi itatu amene anafa ndi njala. Makolo ake anali kucezera usiku wonse ku PC bang, ndipo m'seŵero limene anali kuseŵera anali kulera mwana wopeka. Mu 2011 boma la kumeneko linaletsa ana osakwana zaka 16 kuseŵera pa intaneti kuyambira 12 koloko usiku mpaka 6 koloko m'maŵa, koma lamulolo linacotsedwa mu 2021. Caka comweco ca 2021, boma la China linalamula kuti osakwana zaka 18 aziseŵera ola limodzi cabe pa Lacisanu, Loŵeruka ndi Sondo, ndi pa masiku a chuthi.

Mu 2019 bungwe la World Health Organization linavomereza kuti kumwerekera ndi maseŵero ndi matenda. Zizindikiro zake ndi zitatu: munthu alephera kudziletsa, aika seŵero patsogolo pa zinthu zina zonse, ndipo apitirizabe ngakhale aona kuti sukulu, nchito kapena banja zikuonongeka. Kaŵiri-kaŵiri madokotala amafuna kuona zimenezi kwa miyezi 12 asanagamule. Bungwelo linanenanso kuti odwala motere ndi ocepa mwa oseŵera onse.

Mnyamata wa ku Oslo

Mbiriyi ili ndi mbali ina, ndipo tingalakwe kuisiya. Mats Steen anabadwa ku Norway mu 1989 ndi matenda ofooketsa minofu ochedwa Duchenne. Anakhala pa njinga ya olemala kuyambira ali mwana, ndipo m'zaka zake zomaliza anali kungosuntha zala. Makolo ake anali kumva cisoni pomuona pa kompyuta usana ndi usiku. Anali kuganiza kuti mwana wao adzafa wosadziŵa ubwenzi kapena cikondi.

Mats anamwalira mu November 2014 ali ndi zaka 25. Makolo ake analengeza za malirowo pa tsamba la pa intaneti limene iye anali kulembapo, osayembekezera yankho. Makalata anayamba kufika kucokera ku maiko osiyana-siyana a ku Ulaya. Mu World of Warcraft, Mats anali Ibelin, mwamuna wamphamvu wothamanga, wa m'gulu lochedwa Starlight. Olemba makalatawo anasimba mmene anali kuwamvetsera pa mavuto ao. Mai wina wa ku Denmark anati Ibelin ndiye anam'thandiza kuyandikana ndi mwana wake amene sanali kumasuka ndi anthu. Ena a m'gululo anakwera ndeke kupita ku Oslo kukaika mnzao amene anali asanamuonepo ndi maso. Nkhaniyi inapangidwa filimu mu 2024, yochedwa The Remarkable Life of Ibelin. Akuti Mats anathera maola pafupi-fupi 20,000 m'dziko lopekalo.

Nanga inu?

Makolo aja a ku Korea ndi mnyamata wa ku Oslo onse anapereka maola ambiri ku seŵero. Aja anatenga maola amene anali a mwana wao. Mats analibe bwalo lina lokumanirana ndi anzake, ndipo maola ake anawagwiritsira nchito kumvetsera anthu. Lupanga la m'seŵero ndi lopeka, koma ola limene mwalipira kuti mulipeze ndi lenileni, ndipo munthu amene mulankhula naye kuseli kwa cithunzico ndi munthu weniweni.

Mu World of Warcraft muli lamulo lalifupi. Woseŵera akalemba /played, kompyuta imamuuza masiku ndi maola onse amene wathera pa munthu wake wopeka. Ambiri amaopa kulilemba. Mafoni ambiri a masiku ano nawonso amaŵerenga maola amene mwathera pa cinthu ciliconse. Tsegulani muone ciŵerengero ca sabata yatha, ndipo mudzifunse kuti maola amenewo munawacotsa kuti: ku tulo, ku mabuku, ku dimba, kapena kwa amai amene anaitana katatu inu osamva.

Zokambirana m'gulu lanu

1. Pa magulu anai a Bartle, inu muli m'gulu liti, ndipo anzanu akuikani m'gulu liti?

2. Kodi munthu amene simunamuonepo ndi maso angakhale bwenzi lenileni? Mungadziŵe bwanji?

3. Mnzanu wayamba kujomba ku sukulu cifukwa cocezera pa seŵero. Mungayambe bwanji kukamba naye popanda kum'cititsa manyazi?