Uta pa chingwe: kuchokera ku Feira kufika ku vayolini

Pa 14 Januwale 1856, David Livingstone anafika pamene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi. Anali paulendo wopita ku Quelimane, ndipo mtima unali m'mwamba chifukwa anthu a mfumu Mburuma ankamuyang'ana ndi diso lokayika. Poyendayenda m'thengo anapeza mabwinja a nyumba zamiyala, zotsala za tchalitchi, ndi belu losweka lili gone pambali. Belu limeneli analilemba m'buku lake, n'chifukwa chake tikulidziwa mpaka lero. Mbiri yolembedwa imakonda chitsulo ndi miyala. Choimbira cha mtengo, chikopa ndi khonje chimadyedwa ndi chiswe mwini wake akangoikidwa m'manda, ndipo adzukulu amakula akuganiza kuti sichinakhaleko.

Ambiri a inu mumaidziwa Luangwa chifukwa cha nsomba zouma za pa buliji, basi ikaima popita ku Chipata. Koma mukapatuka pamenepo n'kutsata mtsinje kulowera kummwera, msewu umakatha pa boma la Luangwa, limene mpaka 1964 linkatchedwa Feira. Ndi kumalo otsika kwambiri m'Zambia monse, ndipo dzuwa la mu Okutobala kumeneko silichita nthabwala. Ukaima pagombe, tsidya la Luangwa ukuona Zumbo wa ku Mozambique, tsidya la Zambezi ukuona Kanyemba wa ku Zimbabwe.

Feira ndi liwu la Chipwitikizi, tanthauzo lake msika. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, amalonda ochokera ku Goa ndi ku Tete anakhazikika pamakumano a mitsinje iwiriyi, akugula golide ndi minyanga ya njovu, kenaka anthu. Asilikali awo anali Achikunda, akapolo onyamula mfuti a m'minda ikuluikulu ya m'chigwa cha Zambezi, amene pambuyo pake anasanduka mtundu paokha. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 dera lonseli linkanjenjemera ndi maina awiri: José do Rosário Andrade, wotchedwa Kanyemba, ndi José de Araújo Lobo, wotchedwa Matakenya. Mabwato ankakwera ndi nsalu, mikanda ndi onga, n'kutsika ndi minyanga ndi ana a eni ake. Ankakweranso ndi mawu. Mukati nsapato, kalata, chipewa, kapitawo kapena kavalo, mukulankhula Chipwitikizi chimene chinalowa m'Chinyanja kalekale, ndipo palibe amakunenani kuti mukudzipanga mzungu.

Ndanena dala zimenezi. Ndimaphunzitsa mbiri pa sekondale ina muno mu Lusaka, ndipo mtsikana wina wa Giredi 10 atanena kuti akufuna kuphunzira vayolini, kalasi lonse linafa ndi phwete. Wina kumbuyo anati, "Za azungu izo, iwe wa mu Chawama uzifuna za chiyani?" Mnyamata wonenayo anali atavala nsapato, ndipo Lamulungu lililonse amaimba gitala kutchalitchi. Chimene anzakewo sankadziwa n'chakuti kukhuza chingwe ndi uta kuti chilire ndi luso limene agogo awo a Chinyanja ankalidziwa bwino. Choimbira chake ndi kaligo.

Kaligo ndi ng'oma yaing'ono yokhala ndi khosi. Mmisiri amasema kamtengo ka mphako, n'kukutira mbali imodzi ndi chikopa cha ng'azi kapena cha mbuzi. Amapyoza ndodo pakang'omako, kumtunda kwa ndodo n'kuikako chikhomo chokungira. Chingwe ndi chimodzi chokha, kale cha khonje kapena mtsempha wa nyama, masiku ano cha waya. Chimadutsa pakamtengo kakang'ono kotsamira pachikopa, ndipo kamtengo kameneka ndiko kamapereka kunjenjemera kwa chingwe ku ng'oma. Uta wake ndi kanthambi kopindika komangidwa ndi khonje, kopakidwa utomoni kuti kazigwira chingwe. Woimba amatsamiritsa kang'omako pachifuwa kapena pamimba, zala za kumanzere zikukhudza chingwe, iye mwini akuimba ndi pakamwa. Ambiri anali anthu oyendayenda, ena osaona, oimba pa mowa ndi m'misika, onyoza mafumu aumbombo ndi amuna othawa mabanja.

Achewa ndi Ayao amati kaligo. Alomwe amati takare. Ku Tete, chigawo chimene Zumbo alimo, amati kanyembe, ndipo boma la Mozambique linachilemekeza pochiika pa sitampa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. (Musasokoneze kanyembe ndi Kanyemba uja: wina ankaliza chingwe, wina ankaliza anthu.) Abale ake ali ponseponse: masenqo ku Ethiopia, endingidi ku Uganda, orutu kwa Aluo a ku Kenya, goje kwa Ahausa. Akatswiri ena amati kuno kwathu chinafika ndi maulendo a malonda ochokera kugombe la kummawa, omwe aja ankanyamula nsalu ndi minyanga.

Vayolini nayo siinagwe kumwamba. Ulaya anaphunzira uta kwa anthu a kummawa: Aluya anali ndi rabab, ndipo kuchokera kwa iyo kunabadwa rebec ya ku Ulaya. Vayolini monga tikuidziwa lero inaumbika kumpoto kwa Italy m'zaka za m'ma 1500, ndipo mmisiri woyamba kutchuka nayo anali Andrea Amati wa mu mzinda wa Cremona. Antonio Stradivari, amene mavayolini ake amagulidwa ndi mamiliyoni a madola, anamwalira mu 1737, msika wa ku Zumbo uli wakhanda. Ndiye kuti kaligo ndi vayolini ndi ana a mbumba imodzi, wina anakulira kwa amalume olemera.

Kusiyana kulipo, sindikubisa. Vayolini ili ndi zingwe zinayi, G, D, A ndi E, ndipo imatha kukwera ndi kutsika kutali kumene kaligo sangafike. Imapanidwa pakati pa chibwano ndi phewa la kumanzere. Uta wake ndi wa ubweya wa kumchira wa kavalo. Koma nawonso popanda utomoni sulira, umangoterereka ngati phazi pamatope. Ndipo mavuto awiri aakulu a wophunzira ndi amodzimodzi pa zoimbira zonse ziwiri.

Vuto loyamba ndi dzanja la uta. Anthu amaganiza kuti luso lili kuzala zothamanga za kumanzere, pamene liwu lenileni limachokera kumanja. Ukakanikiza kwambiri uta n'kumauyendetsa pang'onopang'ono, chingwe chimalira ngati chitseko cha dzimbiri. Ukaupepuza n'kuuthamangitsa, chimangoimba mluzu wopanda thupi. Uta uyenera kuyenda mowongoka, osapendekera, ndipo chigongono, mkono ndi zala ziyenera kumvana popanda kuuma. N'chifukwa chake mphunzitsi wabwino amamusunga mwana milungu ingapo akungokoka uta pachingwe chosagwira, kupita ndi kubwera, mpaka anansi atayamba kudandaula. Ambiri amasiyira pomwepa.

Vuto lachiwiri ndi khutu. Gitala ili ndi timizere tachitsulo pakhosi, ndiye chala chikagwa pakati pa timizere tiwiri liwu limatuluka lolondola. Kiyibodi ndiye yachita kunyanya, ngakhale mphaka ataiponda imalira bwino. Vayolini ilibe timizere, kaligonso alibe. Chala chikaphonya pang'ono pokha, ngati m'lifupi mwa njere ya mpunga, liwu lasokonekera, ndipo wokuuza kuti laphonya ndi khutu lako basi. Aphunzitsi ena amamata timapepala pakhosi la vayolini kuti mwana aziona poika chala, koma tsiku limafika loti timatulidwe.

Apa ndi pamene ndimaona kuti mwana wolankhula Chinyanja ali ndi mwayi umene sauwerengera. Nenani mokweza: mtengo wa mango, mtengo wa sopo. Zilembo za liwu loyambalo n'zofanana, koma mawu anu anakwera pena n'kutsika pena, ndipo palibe wa ku Matero angasokoneze ziwirizi. Takhala tikuphunzitsa makutu athu kumva kukwera ndi kutsika kwa liwu kuyambira tili kumsana. Woimba kaligo ankadalira zomwezi: chingwe chimatsata mawu a nyimbo, chikukwera pamene liwu likwera, mwakuti omvera ankamva ngati akuimba ndi anthu awiri. Shinichi Suzuki wa ku Japan, amene njira yake yophunzitsira vayolini yafalikira dziko lonse, anaimanga pa mfundo yakuti mwana aphunzire kuimba monga amaphunzirira chilankhulo cha amayi ake: kumva kaye, kutsanzira, kubwereza, zowerenga pambuyo. Makolo a ku Ulaya ndi ku America amalipira ndalama zambiri kuti ana awo aphunzire motero. Woimba kaligo aliyense anaphunzira choncho, kwaulere.

Tsopano nkhani ya munthu mmodzi, imene ndimaikumbuka ndikaganiza za mabwato otsika ku Feira. Joseph Antonio Emidy anabadwa cha m'ma 1775 kumadzulo kwa Afirika. Sanali wa ku Zambezi, koma anagwa m'manja mwa amalonda a mtundu womwewo: Apwitikizi anamugula ali mwana n'kupita naye ku Brazil, kenaka ku Lisbon. Kumeneko anaphunzira vayolini, ndipo asanafike patali ndi zaka makumi awiri anali akuimba m'gulu la oimba a opera ya mumzindawo. Mu 1795 mkulu wa sitima yankhondo ya Angerezi, Edward Pellew, anamumva akuimba, nalamula amalinyero ake kuti amugwire potuluka. Chifukwa chake? M'sitima munalibe woimbira anthu magule. Emidy anakhala zaka zinayi pamadzi akuimbira amalinyero, osaloledwa kutsika kuopa kuti angathawe. Anamusiya ku Falmouth, ku Cornwall, mu 1799.

Munthu wobedwa kawiri ameneyu anayambanso moyo ndi vayolini yokha. Ankaphunzitsa, ankaimba m'madansi, anakwatira, nabereka ana, mpaka anakhala mtsogoleri wa gulu la oimba la ku Truro. Ankapekanso nyimbo zake. Wophunzira wake wina, James Silk Buckingham, anatenga zina mwa nyimbozo n'kukazionetsa kwa akatswiri a ku London. Anazitama, koma anati mwini wake asabwere chifukwa khungu lake likamutsekera zitseko. Emidy anamwalira mu 1835, ndipo mwala wa pamanda ake ku Kenwyn umamutcha mbadwa ya ku Portugal. Nyimbo zimene anapeka zinatayika zonse. Iyeyu ankalemba papepala, koma mapepala a munthu wakuda analibe wowasunga, ndipo anathera kumodzi ndi oimba kaligo amene sanalembepo kanthu.

Mawu a kaligo amene tingawamve lero kuchokera m'nthawi ya atsamunda anapulumuka chifukwa cha makina ojambulira. Hugh Tracey anayenda m'Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 akujambula oimba a m'midzi, ndipo m'kaundula wake choimbirachi anachilemba kuti karigo. Zojambulazo zimasungidwa ku International Library of African Music, imene anaiyambitsa mu 1954 ndipo tsopano ili pa Rhodes University ku South Africa. Pambuyo pake Gerhard Kubik ndi Moya Aliya Malamusi wa ku Chileka anapitiriza kujambula ndi kulemba za zoimbira za ku Malawi. Zimandiwawa kuti mwana wa ku Katete kapena ku Luangwa angamve kaligo msanga pa intaneti kusiyana ndi pakhomo pa agogo ake. Sukulu zathu, kuyambira za amishoni, zinatizoloweza kuti nyimbo yeniyeni ndi ya m'buku, ndipo wayilesi ndi gitala zinamaliza ntchito.

Nanga vayolini ingadyetse munthu? Funso limeneli makolo amafunsa, ndipo ali ndi chifukwa. Kuno kwathu njira ndi yopapatiza: kuphunzitsa ana, kuimba pa maukwati ndi m'matchalitchi, kujambula ndi oimba ena mu situdiyo. Ofuna maphunziro amapita ku Evelyn Hone College kapena ku Ngoma Dolce Music Academy, ndipo chovuta chachikulu ndi mtengo wa choimbiracho ndi zingwe zake, zimene zimachokera kunja. Koma amene amati komboni ndi vayolini siziyenderana sanayang'ane kwa anansi. Ku Soweto, abale atatu a banja la Khemese ndi mnzawo Makhosini Mnguni anapanga Soweto String Quartet, ndipo chimbale chawo cha 1994, Zebra Crossing, chinaika nyimbo za m'makomboni pa zingwe za ku Italy n'kugulidwa m'maiko ambiri. Mu 1997 Rosemary Nalden anayambitsa sukulu ya Buskaid ku Diepkloof, ku Soweto komweko. Mmodzi wa ana ake oyamba, Samson Diamond, anakaphunzira ku Manchester, nabwerera kwawo kukhala katswiri wotsogolera magulu a oimba.

Ku Kinshasa zinayamba movutirapo. Armand Diangienda, woyendetsa ndege amene ntchito inamuthera, anayambitsa Orchestre Symphonique Kimbanguiste mu 1994 ndi anthu ongodzipereka, ambiri osadziwa n'komwe kagwiridwe ka uta. Mavayolini anali ochepa kuposa ophunzira, ndiye ankabwerekana, wina akaimba kanthawi n'kupatsira mnzake. Masana anali ogulitsa pamsika, osoka ndi okonza magetsi, madzulo n'kumaphunzira Beethoven magetsi akuzimazima. Filimu ya Kinshasa Symphony ya 2010 imawaonetsa akusema okha zoimbira zina. Chingwe cha vayolini chikaduka, ankamangapo waya wa mabuleki a njinga, yemwe uja amisiri a kaligo amakasolola kwa wokonza njinga pamsika.