Kobiri

Munthu akati "ndilibe ndi kobiri lomwe", timamva kuti m'thumba mwake mwauma. Ena amati khobidi, ndipo makobiri kapena makhobidi masiku ano ndi ndalama zamtundu uliwonse, ngakhale zapepala. Koma poyamba kobiri linali kandalama kamodzi kofiirira, kamene azungu ankatcha peni. Liwuli ndi lobwereka, ndipo gwero lake ndi dzina la mkuwa m'zilankhulo za ku Ulaya: Apwitikizi amati cobre, Angelezi amati copper.

Dzinali linkayenera. Peni ya ku Britain ya 1797, yomwe Matthew Boulton anasula ku Soho pafupi ndi Birmingham, inali mkuwa weniweni, chindalama chochindikala chong'amba thumba. Kuyambira 1860 osula ndalama anayamba kusakaniza mkuwawo ndi zitsulo zina kuti ulimbe.

Kobiri limene agogo athu amakumbukira ndi la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, lomwe linatuluka mu 1955: loboola pakati, njovu ziwiri zitaima uku ndi uku kwa bowolo. Kandalama ka theka la kobiri kanali ndi akadyansonga.

Bowolo ndilo limakopa anthu osonkhanitsa ndalama zakale. Nthawi zina makina ankaboola pambali, bowo n'kudya mutu wa njovu, mwinanso kobiri linkadutsa losaboola n'komwe. Wosula ankaliona ngati lolakwika. Wosonkhanitsa amalisunga m'kathumba kakekake, ndipo salikwecha ndi phulusa kapena mandimu, chifukwa kobiri lokwechedwa limatsika mtengo.