Munthu amene anaika mafunde a wailesi m'timabokosi

Tikamamvera nkhani pa wailesi, ndi angati a ife amene timadzifunsa kuti mafunde obweretsa mauwo adutsa bwanji khoma la nyumba? Maso sawaona, chonsecho amathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi.

Malamulo a kayendedwe kawo anawalemba ndi James Clerk Maxwell wa ku Scotland m'chaka cha 1865: mphamvu ya magetsi ikasintha imabala ya maginito, nayo ya maginito ikasintha imabala ya magetsi. Maxwell anamwalira mu 1879 asanaone umboni wake. Anadzatsimikiza ndi Heinrich Hertz ku Karlsruhe, Germany, mu 1887 ndi 1888.

Koma kudziwa lamulo n'kwina, kuwerengera n'kwinanso. Ndi pensulo, akatswiri ankatha masamu a zinthu zosavuta ngati mpira wobulungira. Nanga ndege yathunthu? Nanga mutu wa munthu? Apa pensulo inkagonja.

Mu 1966, Kane Yee, katswiri wa masamu wobadwira ku China yemwe ankagwira ntchito ku Livermore, California, anatulutsa nzeru yooneka yachibwana. Iye anati malowo tiwagawe m'timabokosi tosanjikizana ngati njerwa. M'mphepete mwa kabokosi kalikonse tiike nambala za magetsi, pankhope pake za maginito. Tsono kompyuta iziwerengera mosinthana, monga amachitira amayi awiri posinja mumtondo umodzi: musi wa magetsi ukatsika, wa maginito uli m'mwamba. Ikatero kambirimbiri, fundelo limaoneka likuyenda kuchoka kabokosi aka kupita ako.

Anthu sanaithamangire nzeruyi chifukwa makompyuta a nthawiyo anali operewera mphamvu. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 1975, Allen Taflove ndi Morris Brodwin a ku Northwestern University anakonza lamulo la nthawi: sitepe iliyonse ikhale yaifupi ndithu kuti funde lisalumphe kabokosi, apo ayi manambala amatupa mpaka zonse kusanduka bodza. Chaka chomwecho anawerengera momwe mafunde a microwave amatenthetsera diso la munthu. Taflove yemweyo ndiye anaitcha njirayi FDTD mu 1980.

Panatsala vuto la malire. Timabokosi tili ndi pothera, ndipo funde likafika pamenepo linkabwerera ngati mau a munthu wokuwa m'phanga, n'kusokoneza mayankho. Mu 1994 Jean-Pierre Berenger wa ku France anapeka mpanda wa masamu womeza funde lililonse lofika pamenepo.

Lero opanga mafoni amayesa ndi njirayi kuchuluka kwa mphamvu imene imalowa m'mutu foni ikakhala pakhutu, chipangizocho chisanapangidwe n'komwe. Ndiye mukamaimbira abale kumudzi, dziwani kuti mutu wonga wanuwo unayamba wagawidwa m'timabokosi ta Yee.