Ra

Ra, amene dzina lake limalembedwanso kuti Re, anali mulungu wa dzuwa m'chipembedzo cha anthu akale a ku Egypt, dziko limene Baibulo la Chichewa limalitchula kuti Aigupto kapena Ejipito. M'chinenero chawo mawu akuti "ra" ankatanthauzanso dzuwa lenilenilo. Anthuwa ankakhulupirira kuti Ra ndiye analenga dziko, ndiye anali mfumu yake yoyamba, ndiponso kuti usiku uliwonse ankamenya nkhondo kuti kunja kuche. Kwa iwo kutuluka kwa dzuwa sikunali chinthu chongochitika chokha. Mafumu ndi ansembe anali ndi udindo wothandiza Ra pa nkhondoyo. Anthu anamupembedza kwa zaka zoposa 2,500.

Maonekedwe

Pa zipupa za akachisi ndi za manda, Ra ankajambulidwa ngati munthu wa mutu wa kabawi, atasenza dzuwa lozungira lokulungidwa ndi njoka ya cobra. Maonekedwe ake ankasintha malinga ndi nthawi ya tsiku. M'mawa anali Khepri, chikumbu chogubuduza ndowe, poti anthu ankafanizira kayendedwe ka dzuwa ndi mpira wa ndowe umene chikumbucho chimakankha. Masana anali Ra, madzulo anali Atum, nkhalamba yoyenda ndi ndodo, ndipo usiku ankajambulidwa ndi mutu wa nkhosa yamphongo. Zolemba zina za m'manda a mafumu zimamutamanda ndi mayina 75.

Heliopolis

Likulu la chipembedzo cha Ra linali mzinda wa Iunu, umene Agiriki anautcha Heliopolis, kutanthauza mzinda wa dzuwa. Malowa lero ali kumpoto chakum'mawa kwa Cairo, m'dera la Matariya. M'Baibulo mzindawu ndi Oni, ndipo Genesis 41:45 imati Yosefe anakwatira Asenati, mwana wa Potifera wansembe wa ku Oni. M'kachisi wa kumeneko munkasungidwa mwala wopatulika wotchedwa benben, woimira chulu choyamba chimene chinatumphuka m'madzi pa chilengedwe. Munkakhalanso ng'ombe yamphongo yakuda, Mnevis, imene ankaiona ngati mthenga wa Ra. Mwa zipilala zosongoka zimene zinali pamalopo, chimene chidakali chiimire ndi chimodzi chokha, cha mfumu Senusret I, chimene chinaimikidwa m'zaka za m'ma 1900 BC ndipo n'chotalika mamita pafupifupi 20.

Chilengedwe

Nthano ya ku Heliopolis imati pachiyambi panali madzi ndi mdima basi, ndipo madziwo ankatchedwa Nun. M'madzimo munatuluka chulu, ndipo pachulupo panaima Atum, amene ansembe ankati ndi Ra yemweyo. Iye anabala yekha Shu, mulungu wa mpweya, ndi Tefnut, mulungu wamkazi wa chinyontho. Awiriwa anabala Geb, amene ndi nthaka, ndi Nut, amene ndi thambo. Ana a Geb ndi Nut anali Osiris, Isis, Seth ndi Nephthys. Anthu akuti anachokera m'misozi ya mlengiyo, ndipo m'chinenero cha ku Egypt mawu otanthauza misozi ndi otanthauza anthu ankamveka mofanana. Maat, mulungu wamkazi wa choonadi, chilungamo ndi dongosolo, ankatchedwa mwana wa Ra.

Ulendo wa usana ndi usiku

Popeza msewu waukulu wa dzikolo unali mtsinje wa Nile, anthu ankati Ra nayenso amayenda pa bwato. Masana ankawoloka thambo m'bwato lotchedwa Mandjet. Dzuwa likalowa ankakwera lina, Mesektet, n'kulowa m'dziko la akufa lotchedwa Duat. Buku la Amduat, limene linajambulidwa m'manda a mafumu monga Thutmose III, limagawa ulendowu m'maola 12. Pofika pakati pa usiku Ra ankakumana ndi Osiris, mfumu ya akufa, ndipo awiriwo ankasanduka mmodzi kwa kanthawi. Apa m'pamene dzuwa linkapezanso mphamvu, ndipo akufa ankadzuka kuwala kukawadutsa.

Mdani wake anali Apep, chinjoka chachikulu chimene Agiriki ankachitcha Apophis. Chinjokachi chinkayesa kuimitsa bwato pomwa madzi a mumtsinje, koma Seth, ataima kutsogolo kwa bwato, ankachilasa ndi mkondo. Apep ankagonja usiku uliwonse koma sankafa, choncho nkhondo inkayambiranso mawa lake. M'akachisi ansembe ankaumba chifanizo cha Apep ndi phula, n'kuchilavulira, kuchiponda ndi kuchitentha. Ankakhulupirira kuti mwambowu ukalekeka bwato likhoza kuima, ndipo dziko lingabwerere m'madzi ndi mdima wa pachiyambi.

Nthano ziwiri za ukalamba wa Ra

Nthano imodzi imati Ra atakalamba anthu anamuukira. Iye anatuma diso lake, limene linali mulungu wamkazi Hathor, kuti likawalange. Hathor anasanduka Sekhmet, mkango waukazi, ndipo anapha anthu ochuluka kwambiri moti Ra anamva chisoni. Analamula kuti afulule mitsuko 7,000 ya mowa, ausakanize ndi dothi lofiira, authire m'minda usiku. M'mawa Sekhmet anauyesa magazi, anamwa, naledzera, ndipo anthu otsala anapulumuka. Zitatero Ra anatopa ndi dziko nakwera kumwamba pamsana pa Nut, amene anali atasanduka ng'ombe. Nthanoyi inalembedwa m'manda a Seti I.

Ina imanena za Isis, amene ankafuna kudziwa dzina lobisika la Ra. Anatenga malovu amene nkhalambayo inkagwetsa, nawakanda ndi dothi, naumba njoka imene inaluma Ra. Palibe amene akanachotsa ululuwo koma Isis, ndipo iye anakana kumuchiza kufikira Ra atamuuza dzinalo. Asing'anga ankanena nthanoyi pochiza munthu wolumidwa ndi njoka kapena chinkhanira.

Ra ndi ufumu

Dzina la Ra limapezeka kale m'dzina la Raneb, mfumu ya m'banja lachiwiri la mafumu. Djedefre, mwana wa Khufu amene anamanga piramidi yaikulu ya ku Giza, ndiye mfumu yoyamba yodziwika kuti inadzitcha "mwana wa Ra", ndipo dzinali linakhala la mafumu onse a m'tsogolo. M'nthawi ya banja lachisanu, cha m'ma 2494 mpaka 2345 BC, mafumu 6 anamangira Ra akachisi opanda denga. Odziwika bwino ndi wa Userkaf ndi wa Niuserre, pafupi ndi Abusir. Zolemba za m'piramidi ya Unas, za cha m'ma 2350 BC, zimati mfumu ikafa imakwera kumwamba kukayenda m'bwato la Ra. Ntchito ya mfumu yamoyo inali kusunga Maat padziko monga Ra ankachitira kumwamba: kuweruza milandu, kuteteza malire ndi kupereka nsembe.

Mizinda ina itakula, milungu yake inkaphatikizidwa ndi Ra. Ku Thebes, Amun anakhala Amun-Ra, "mfumu ya milungu", ndipo kachisi wake wa ku Karnak analemera koposa m'nthawi ya pakati pa 1550 ndi 1070 BC. Horus ataphatikizidwa ndi Ra ankatchedwa Ra-Horakhty.

Akhenaten, amene analamula cha m'ma 1353 mpaka 1336 BC, anakweza Aten, dzuwa looneka ndi maso, pamwamba pa milungu yonse. Anafufuta dzina la Amun pa zipilala namanga likulu latsopano pamalo amene lero amatchedwa Amarna. Iye atamwalira chipembedzo chakale chinabwerera, ndipo Tutankhaten anasintha dzina kukhala Tutankhamun.

Ramesses II, amene dzina lake limatanthauza kuti "Ra ndiye anamubala", anasema kachisi m'thanthwe ku Abu Simbel. Chaka chilichonse, cha pa 22 February ndi 22 October, kuwala kwa m'mawa kumalowa mpaka m'chipinda chamkati n'kuwalira zifanizo za Ra-Horakhty, mfumuyo ndi Amun-Ra, pamene cha Ptah chimatsala mumdima. Pakati pa 1964 ndi 1968 kachisiyu anadulidwa n'kusamutsidwira pamtunda, motsogozedwa ndi UNESCO, kuti asamire m'madzi a damu la Aswan.

Kutha kwa chipembedzochi

Strabo, wolemba wachigiriki amene anayenda ku Egypt cha m'ma 25 BC, anapeza Heliopolis ali bwinja. Mfumu Augustus inatenga zipilala ziwiri kupita nazo ku Rome mu 10 BC. Zina ziwiri za Thutmose III zinaimikidwa ku London mu 1878 ndi ku New York mu 1881. Chikhristu chitafala, mfumu Theodosius I inaletsa nsembe za milungu yakale mu 391 ndi 392 AD.

Kuyerekeza ndi zipembedzo za makolo ku Malawi

Achewa ndi Amang'anja analibe mulungu wa dzuwa. Ku Egypt mvula ndi yosowa, minda inkadalira kusefukira kwa Nile, ndipo chimene chinkaoneka kumwamba tsiku lililonse ndi dzuwa. Ku Malawi ulimi umadalira mvula, ndipo dzuwa likakhalitsa ng'amba limabweretsa chilala. N'chifukwa chake mayina a Mulungu monga Chauta ndi Mphambe amakumbutsa utawaleza ndi mphezi. Nthano ya ku Kaphirintiwa imati Chauta anatsika ndi mvula pamodzi ndi anthu oyamba, ndipo akachisi a Chisumphi ku Msinja ndi a Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje anali opempherako mvula. M'maiko onse awiriwa atsogoleri ankayembekezeka kusunga mwambo umene moyo wa dziko unkadalira, ndipo zinthu zikalakwika anthu ankayang'ana kwa iwo.