Chaka Chimene Kandege Kanaoloka Nyanja ya Atlantic

Chaka cha 2003 chinali chaka cha zikumbutso kwa anthu okonda za ndege. Pa 17 Disembala chaka chimenecho panakwana zaka 100 chiulukire ndege yoyamba ya injini, imene abale awiri, Wilbur ndi Orville Wright, anaiulutsa pamchenga wa kufupi ndi Kitty Hawk m'dziko la America. M'chaka chomwecho ndege ya Concorde, imene inkaoloka nyanja ya Atlantic m'maola atatu ndi theka okha, inaleka kunyamula anthu. Koma kwa anthu amene amapanga tindege ting'onoting'ono ndi kumatiulutsa ndi wailesi iwo ali chiimire pansi, chakachi chimakumbukika pa chifukwa china. M'mwezi wa Ogasiti kandege kolemera makilogalamu 5 okha kananyamuka ku Canada, kanauluka usiku uwiri kopanda munthu wokaona, ndipo kanakatera ku Ireland. Mwini wake anali nkhalamba ya zaka 77, ya maso akhungu ndi makutu ogontha.

Kandege kotere kamasiyana ndi zidole za ana. Kali ndi injini yeniyeni, mapiko ndi chipsepse, ndipo kamamvera malamulo a mphepo omwe aja amene ndege zazikulu zimamvera. Woulutsa amanyamula kabokosi kokhala ndi timitengo tiwiri. Akapendeketsa kamtengo, kabokosiko kamatumiza mafunde a wailesi, ndipo kawailesi kena kamene kali m'mimba mwa kandege kamalandira mafundewo ndi kulamula timakina tokoka zowongolera za kumapiko ndi kumchira. Luso limeneli linayamba kuoneka bwino m'chaka cha 1937, pamene mapasa a ku Michigan, Walter ndi William Good, anaulutsa kandege kawo kotchedwa Guff. William ndiye anali katswiri wa wailesi, Walter wa mapiko. Chiyambire nthawi imeneyo malire a masewerawa anali amodzi: maso a woulutsa. Kandege kakapita kutali mwakuti mwini wake sakuonanso kumene kapendekera, wailesi ilibenso ntchito, ndipo kugwa kuli pafupi.

Bambo Maynard Hill anabadwa m'chaka cha 1926 ku Pennsylvania. Anaphunzira za zitsulo ndipo anagwira ntchito zaka zambiri ku Applied Physics Laboratory ya yunivesite ya Johns Hopkins ku Maryland, komwenso kunkagwira ntchito a Walter Good aja. Kunja kwa ntchito, moyo wawo wonse unali pa tindege. M'chaka cha 1970 anakweza kandege kupitirira mamita 8,000 m'mwamba, ndipo mu 1992 kandege kawo kena kanakhala mumlengalenga maola oposa 33 osatera. Atakalamba, nthenda ya maso inawalanda kupenya kwambiri, kotero kuti ankathira utoto wofiira m'guluu kuti azitha kuona pamene amata. Ndi manja amenewa, opapasa koposa kuona, anapanga tindege toposa 20 pokonzekera ulendo wa panyanja.

Pofuna kumvetsa kukula kwa zimene anachita, nkofunika kudziwa malamulo amene anadzimanga nawo. Bungwe loona za mipikisano ya zouluka pa dziko lonse, Fédération Aéronautique Internationale, linkati kandege ka mtundu umenewu kasapitirire makilogalamu 5 pamodzi ndi mafuta ake omwe, ndipo injini yake isakule kuposa 10 cc. Ndege yopanda munthu inali itaolokapo kale Atlantic: mu Ogasiti 1998 ina yotchedwa Laima inachoka ku Newfoundland n'kukatera ku Scotland. Koma imeneyo inkalemera makilogalamu pafupifupi 13, ndipo sinawerengedwe m'gulu la tindege ta anthu amasewera. Choncho funso la a Hill silinali lakuti kaya nyanja ingaolokedwe, koma lakuti ingaolokedwe ndi katundu wochepa bwanji.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Chilichonse chimene chinalowa m'kandegeko chinalanda malo a mafuta. Thupi lake linali la mtengo wa balsa, wopepuka ngati chigwagwa cha chimanga, lokutidwa ndi pulasitiki wopyapyala wofiira. Mapiko ake, kuchokera nsonga ina kufika nsonga ina, anali aatali ngati munthu wamtali, pafupifupi mamita 1.8. Mateyala kanalibe, popeza teyala ndi katundu wongogwira ntchito kamphindi ponyamuka ndi potera. Kankaponyedwa ndi dzanja ndi kutera chamimba. Pafupifupi theka la kulemera kwake konse linali mafuta, amene sanafike ndi malita 4 omwe.

Injini inali ya kampani ya ku Japan ya O.S., koma a Hill anaisintha kwa zaka zambiri mpaka inaphunzira kudya mosinira. Injini zambiri za tindege zimamwa mafuta a mtundu wa sipiriti ndipo zimawameza msanga. Yawo anaiika pulagi yothetheka moto monga ya galimoto, ndipo inkayendera mafuta oyera a nyali za Coleman osakaniza ndi oilo pang'ono. Kapu imodzi ya tiyi yodzaza mafuta amenewa inkaiyendetsa maola oposa awiri. Komatu kusinira kuli ndi ngozi yake. Mafuta akachepa kwambiri polowa, injini imatsamwa n'kuzima. Akachuluka pang'ono, thanki imauma nyanja isanathe. Pakati pa imfa ziwirizi panali kampata kakang'ono kwambiri, ndipo kampatako kankasankhidwa ndi zala, potembenuza kasingano ka mafuta kandege kasananyamuke. Pambuyo pake panalibenso wokakonza. Injini yomweyo inkazunguzanso kadayinamo kopereka magetsi, kuti pasakhale mtolo wa mabatire.

Nanga vuto la maso lija? Mnzawo wa a Hill, Bambo Joe Foster, anapanga kachipangizo kowongolera kandege kokha. Kankafunsa masetilaiti a GPS malo amene kali, n'kumayerekeza ndi njira imene kanauzidwa, ndi kusunga kandege pa mamita pafupifupi 300 pamwamba pa madzi. Kachipangizo kena kankatumiza uthenga waufupi ku masetilaiti a Argos, wonena malo, liwiro, kutalika ndi mmene injini ikuzungulirira. Anthu a pamtunda ankangomva, kulamula sakanatha. Dzanja la munthu linali lofunika kumayambiriro, pokweza kandege ndi wailesi, ndiponso kumapeto, pokatsitsa.

Njira imene anasankha inali ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ikukhudza wailesi imene. Ku St John's, mzinda waukulu wa chilumba cha Newfoundland, ndi kumene Guglielmo Marconi analandira uthenga woyamba wa wailesi wooloka Atlantic pa 12 Disembala 1901. Ku St John's komweko ndi kumene John Alcock ndi Arthur Whitten Brown ananyamuka pa 14 Juni 1919, n'kukhala anthu oyamba kuoloka nyanjayi pa ndege osatera panjira. Atauluka maola pafupifupi 16 anatera m'dambo la matope ku Derrygimlagh, kufupi ndi tauni ya Clifden kumadzulo kwa Ireland, pafupi ndi nyumba ya wailesi ya Marconi yemweyo. A Hill anafuna kuponda m'mapazi a anthu awiriwa: kunyamukira ku Cape Spear, nsonga ya kum'mawa kwenikweni kwa Canada, ndi kukatera pagombe la Mannin, kufupi ndi Clifden.

Ulendo woyamba, mu Ogasiti 2002, unali wa manyazi okhaokha. Tindege tonse tinkatchedwa TAM, chidule cha mawu otanthauza kandege kooloka Atlantic, ndipo tinkapatsidwa manambala. TAM 1 kanagwera m'madzi katangonyamuka. TAM 2 kanazimikira injini pasanathe mphindi 20. TAM 3 kanapita bwino makilomita oposa 700, kenaka kanakumana ndi nyengo yoipa ndipo sikanamvekenso. Gululo linabwerera kwawo chimanjamanja, ndipo miyezi yotsatira inathera pa kuyesa injini ndi kukonza kachipangizo kowongolera. Malo oyesera anali famu ya Bambo Beecher Butts ku Maryland, nkhalamba inanso yokonda zouluka, ndipo n'chifukwa chake kandege kanapatsidwa dzina lakuti The Spirit of Butts' Farm, mosereula dzina la ndege yotchuka ya Charles Lindbergh.

Mu 2003 anabwereranso ku Cape Spear. Pa 8 Ogasiti anaponya TAM 4. Kanauluka maola angapo, ndipo katayenda makilomita pafupifupi 700 uthenga wake unaduka. Tindege tinayi tsopano tinali pansi pa nyanja. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwa munthu wa zaka 77 kuli ndi mtengo wake, pakuti sadziwa ngati chaka chamawa chidzampeza ali ndi mphamvu. Tsiku lotsatira lomwe, Loweruka pa 9 Ogasiti, nthawi ili 7:45 madzulo, TAM 5 kanaponyedwa m'mwamba. Kanakwera molamulidwa ndi wailesi, kenaka kachipangizo ka a Foster kanatenga ulamuliro, ndipo kadontho kofiira kanazimirira kum'mawa.

Usiku woyamba unadutsa bwino. Lamulungu nkhawa inayamba kukula, chifukwa mphepo yokankha kumbuyo imene ankaidalira inali yofooka, ndipo kandege kankayenda pang'onopang'ono kuposa mmene anawerengera. Ola lililonse lowonjezereka linali mafuta amene mwina munalibe. Ndipo usiku wachiwiri, chakum'bandakucha kwa Lolemba, mauthenga analeka kubwera. Ola linatha, lachiwiri, lachitatu. Anthu amene anali atamvapo kale chete wotereyu kanayi konse ankadziwa tanthauzo lake, ndipo anafika potaya mtima. Kenaka mauthenga anatulukira. Vuto linali panjira imene mauthengawo ankadzera. Kandege kanali kakuuluka nthawi yonseyo, ndipo kanali katayandikira Ireland.

Pagombe la Mannin pankadikira Bambo Dave Brown, amene panthawiyo anali mtsogoleri wa bungwe la oulutsa tindege ku America, Academy of Model Aeronautics. Ndi nkhani yoseketsa pang'ono kuti ulendo wa 1919 ndi wa 2003 yonse inali ndi Brown wake. Nthawi itangotsala pang'ono kukwana 2 koloko masana, anthu anali maso kunyanja, ndipo mosakhalitsa kadontho kanaoneka pamalo pomwe kanauzidwa kufika. A Brown anayatsa kabokosi kawo, analanda ulamuliro kwa kachipangizo kaja, anazimitsa injini, ndipo anakatsitsa mwaulemu pa mtunda wa mamita ngati 10 kuchokera pamalo amene anaikiratu. Uthenga unafika ku Newfoundland pa lamya. A Hill, amene sakanatha kukaona ngakhale akanakhala pagombepo, anagwetsa misozi ali pafupi ndi mkazi wawo.

Kandegeko kanauluka makilomita 3,028 m'maola 38 ndi mphindi 52, ndiye kuti liwiro lake linali ngati makilomita 78 pa ola, liwiro la basi pamsewu wabwino. Mtunda umenewu ndi woposa kuyenda katatu kuchokera kumpoto kwenikweni kwa Malawi kufika kumwera kwenikweni. Atayeza mafuta otsala m'thanki anapeza osakwana mamililita 60, masupuni aakulu atatu kapena anayi, osakwanira ngakhale ola limodzi. Mphepo ikanawomba mobweza kwa kanthawi kochepa chabe, TAM 5 kakanatsata anzake anayi aja, mwinanso gombe likuonekera patali.

Bungwe la Fédération Aéronautique Internationale linavomereza kuti ulendowu unaposa yonse ya tindege totere pa zinthu ziwiri, kutalika kwa mtunda ndi kuchuluka kwa maola. Wina angafunse ngati kandege kamene kanadziwongolera kokha pafupifupi ulendo wonse kayenera kutchedwa koulutsidwa ndi wailesi. Funsolo n'lomveka, popeza dzanja la munthu linagwira ntchito mphindi zowerengeka chabe mwa maola 38 aja. Komabe kachipangizo kowongolera kakanakhala kopanda phindu pakanapanda injini yodziwa kusinira ndi mapiko opepuka, ndipo zimenezi zinachokera m'zaka zoposa 60 za kusema balsa, kumata, kugwetsa ndi kuyambiranso. Ndege zopanda munthu zimene zinachuluka m'zaka zotsatira zinatsamira kwambiri pa nzeru za makompyuta. TAM 5 kanaima pakati, mwendo wina m'nthawi yakale ya abale a Good, mwendo wina m'nthawi yatsopano.

Kandegeko kanabwerera ku America ndipo kanaikidwa m'nyumba yosungiramo mbiri ya tindege, National Model Aviation Museum, mumzinda wa Muncie ku Indiana. Bambo Maynard Hill anamwalira pa 7 Juni 2011 ali ndi zaka 85, kwawo ku Silver Spring, Maryland. Tindege TAM 1 mpaka TAM 4 tinatayika m'nyanja.