Midzi ya Aro ndi Odwala Misala

M'masiku a atsamunda, munthu wodwala misala ku Nigeria ankasungidwa ngati mkaidi. Nyumba zosungiramo odwala otere, monga ya ku Yaba mu mzinda wa Lagos, zinali zongotsekeramo anthu, ndipo ena ankamangidwa ndi unyolo. Woloŵamo ankalekana ndi abale ake, nthaŵi zina mpaka imfa.

Amene anasintha mchitidwe umenewu ndi Dokotala Thomas Adeoye Lambo, wobadwira ku Abeokuta m'chaka cha 1923. Iye anaphunzira zaudokotala ku Birmingham ndi za matenda a maganizo ku London. Atabwerera kwao mu 1954, anapatsidwa udindo woyang'anira chipatala cha Aro, kufupi ndi Abeokuta. Koma nyumba zogonamo odwala zinali zisanathe kumangidwa.

M'malo modikira amisiri, Lambo anapita kwa mafumu a midzi inayi yozungulira chipatalacho nawapempha kuti anthu ao alandire odwala m'nyumba zao. Poyamba eni midzi anachita mantha, koma anavomera ataona kuti alendowo azilipira malo ogona, ndiponso kuti midziyo ilandira madzi abwino.

Lamulo lalikulu linali lakuti wodwala aliyense abwere ndi mbale wake, kaya mayi, mlongo kapena azakhali. Mbaleyo ankamuphikira, kumchapira ndi kumperekeza kukalandira mankhwala m'maŵa. Madzulo wodwala ankabwerera kumudzi, nakhala pakati pa anthu monga wina aliyense. Lambo anagwiranso ntchito ndi asing'anga, podziŵa kuti odwala ambiri ankawakhulupirira ndipo ankamasuka kuwauza za kukhosi.

Njirayi inali ndi phindu lina. Popeza mbale uja ankaona yekha m'mene matenda ankachepera, pobwerera kwao ankatha kufotokozera a pabanja kuti munthuyo wapeza bwino, kotero kuti sankamusala.

Mbiri ya Aro inamveka kutali. Mu 1961 msonkhano woyamba wa madokotala a matenda a maganizo a mu Africa unachitikira ku Abeokuta, ndipo mu 1973 Lambo anakhala wachiŵiri kwa mkulu wa bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, la WHO. Anamwalira mu 2004, atasonyeza kuti wodwala misala amafuna mankhwala a kuchipatala pamodzi ndi mbale womudikirira.