Opaleshoni ya aneurysm ya aorta

Opaleshoni ya aneurysm ya aorta ndi chithandizo chokonza malo ofufuma a aorta, mtsempha waukulu wochokera kumtima. M'mimba mwa munthu wamkulu mtsemphawu umatakata pafupifupi masentimita 2, ndipo ukafika masentimita 3 amati ndi aneurysm. Vutoli limagwira kwambiri abambo opitirira zaka 65, osuta fodya ndi odwala BP. Nthawi zambiri silipweteka mpaka mtsemphawo utaphulika.

Opaleshoni yokonzekera

Chotupachi chikadziwika msanga pa sikani, madokotala amachiyang'anira, ndipo kwa abambo amachita opaleshoni chikafika masentimita 5.5. Charles Dubost ndiye anayamba kuchotsa bwinobwino chotupa chotere ku Paris mu 1951. Mu 1990 Juan Parodi wa ku Argentina anakonza aneurysm polowetsa kachubu kudzera mumtsempha wa m'ntchafu. M'mayiko olemera, pa odwala 100 ochitidwa opaleshoni yokonzekera amamwalira osapitirira 5.

Opaleshoni yadzidzidzi

Mtsempha ukaphulika, pafupifupi anthu 80 pa 100 alionse amamwalira, ambiri asanafike kuchipatala. Mwa ochitidwa opaleshoni, 30 mpaka 50 pa 100 sapulumuka. Ndalama zimapitanso zambiri chifukwa wodwala amathiridwa magazi ochuluka ndipo amakhalitsa m'chipinda cha odwala mwakayakaya.

Ku Salima

Wodwala wa ku Senga Bay kapena Chipoka amayamba wafika kuchipatala cha boma cha Salima, chomwe chimatumiza matenda akuluakulu ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Kwa wotaya magazi m'mimba, ulendowu ndi wautali kwambiri. N'chifukwa chake kupimitsa msanga kumapulumutsa moyo kuposa ambulansi.